Msonkho Kapena Kupereka Mwakufuna? Mafunso ndi Mayankho Kuchokera ku Mulanje

Ndinasunga thumba la komiti ya mjigo wa m'mudzi mwathu kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kope limene ndinkalembamo mayina a opereka ndikadali nalo. Nkhani ya amene ayenera kulipira zinthu zothandiza tonse simachedwa kubuka kuno. Imabuka pamaliro tikamadikira uthenga wa adzukulu, m'minibasi yochokera ku Limbuli, ngakhale pamsonkhano wa makolo kusukulu. Alipo amene amati boma lisiye kutidula msonkho, aliyense azilipira chimene wagwiritsa ntchito, kapena azipereka mmene mtima wamuuzira. Mafunso ali m'munsiwa ndakhala ndikuwamva kwa anthu, ena anafunsidwa kwa ine ndemwe. Mbali yanga sindibisa: chipatala, sukulu, msewu ndi madzi akumwa ziyenera kuyendera msonkho. Koma amene amaganiza mosiyana ali ndi zifukwa zawo, zina zolemera ndithu, ndipo ndiwayankha mwaulemu.

Ine sindinalembedwe ntchito kulikonse. Nkhani ya msonkho ikundikhudza bwanji?

Ikukukhudzani tsiku lililonse, kungoti ndalamayo imachoka mwakachetechete. Ambiri tikamva za msonkho timaganiza za PAYE, uja amadula pamalipiro a aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki a kuesiteti. Koma mukagula thumba la simenti kapena malata pa Chitakale, mumtengomo muli msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri unali pa 16.5 peresenti. Pamlingo umenewu katundu wa K10,000 amakwera ndi K1,650. Mayunitsi a foni ali ndi msonkho wake. Lita iliyonse ya petulo ili ndi ndalama zoonjezera zopita kokonza misewu ndi kukafikitsa magetsi kumidzi, ndiye wa kabaza wa njinga yamoto akakutchulirani mtengo wochoka pa Nkando kupita kumudzi, mwalipira nawo. Mayi wogulitsa nanazi kapena nthochi pamsika amadula tikiti ya khonsolo m'mawa asanagulitse kanthu.

Misonkho ikuluikulu imatoleredwa ndi bungwe la MRA, limene linayamba ntchito mu 2000, ndipo imakalowa m'thumba lalikulu la boma, lija amalitcha Account Number One. Malamulo oyendetsera dziko amanena kuti msonkho sungakhazikitsidwe popanda lamulo, ndiponso ndalama za m'thumbalo zimatuluka motsatira bajeti imene aphungu avomereza. Choncho mukafika pachipatala cha boma musamadzione ngati wopempha. Munalipira kale.

Bwanji osangosiya kuti aliyense azipereka mwakufuna kwake, monga timachitira pamaliro? Pamaliro palibe amene amakakamizidwa, koma zonse zimatheka.

Funso ili ndimalikonda chifukwa limachokera pachinthu chimene timachidziwa bwino. N'zoona, maliro akagwa m'mudzi ufa umasonkhana, nkhuni zimabwera, bokosi limapezeka, ngakhale womwalirayo anali wosauka chotani. Koma tiyeni tinene zoona zake. Pamaliro pamakhala munthu wa kope, ndipo mayina a opereka amawerengedwa pagulu, amfumu ali pomwepo. Banja limene lazolowera kujomba limadziwa chimene chidzachitike tsiku lawo likadzafika: adzukulu adzakhala pansi osagwira khasu mpaka mlandu utakambidwa ndi chindapusa chitaperekedwa. Umenewu ndi msonkho ndithu, kungoti wotolera ndi mudzi, ndipo chilango chake ndi manyazi. Umayenda bwino chifukwa tonse timadziwana nkhope, ndalama imagwira ntchito tsiku lomwelo, ndipo aliyense amaona ndi maso ake kumene yapita.

Tsopano tengani mjigo. Tinagwirizana kuti khomo lililonse lizipereka kangachepe pamwezi kuti tizigulira malabala, mafuta opaka ndi kulipira makaniki. Mukatsegula kope langa muona nokha mmene chaka chimayendera. Masamba a Meyi, Juni ndi Julaye ndi odzaza, anthu akolola, nandolo ali pafupi kucha. Kufika Novembala mayina ayamba kuchepa, ndalama zapita ku feteleza. Tsamba la Febuluwale lili ndi mayina osakwana khumi. Si kuti anthu anali ouma mtima. Ndinkafika pakhomo, kope m'manja, n'kupeza ana akudya maungu osakhwima, mayi ali kuganyu. Gogo wina anandiuza kuti, "Mwanangu, ndilembe ngongole, ndikagulitsa nkhuku ndibwera." Nkhukuyo inafa ndi chitopa.

Ndipo mjigo unathyoka mu Febuluwale momwemo. Ndodo inaduka mkati, makaniki anatchula mtengo umene thumba silikanakwanitsa. Kwa milungu isanu amayi ankatunga kumtsinje, madzi ofiira a nthawi ya dzinja, ndipo ana angapo anatsekula m'mimba. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti chopereka cha mwakufuna chimauma nthawi yomweyo imene mavuto achuluka. Njala, malungo ndi kolera zimabwera mwezi umodzi ndi kusowa kwa ndalama. Msonkho wa dziko lonse suuma chonchi, chifukwa pamene mlimi wa ku Mulanje alibe kanthu, kampani ya ku Limbe ikugulitsabe, ndipo wolandira malipiro ku Lilongwe akudulidwabe.

Palinso munthu wamtundu wina amene komiti iliyonse imamudziwa: ali nazo, koma sapereka, chifukwa akudziwa kuti anzake akakonza mjigo iye adzatunga nawo. Simungaike mlonda pamjigo usiku wonse. Anthu akaona kuti uja sapereka koma akumwa, mwezi wotsatira opereka amachepa. Ngati izi zikuchitika pakati pa anthu odyera mbale imodzi pamaliro, nanga pakati pa anthu oposa 680,000 amene kalembera wa 2018 anapeza m'boma la Mulanje lokha?

Nanga si makolo athu anakumba okha ngalande za mipopi ya madzi a m'phiri, osalipidwa?

Anakumbadi, ndipo ndi chinthu chonyaditsa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, midzi yozungulira phiri la Mulanje mpaka kuchigwa cha Phalombe inakoka madzi kuchokera m'mitsinje ya m'phiri popanda injini, madzi akungotsetsereka okha m'mapaipi. Mudzi uliwonse unkapatsidwa chigawo chake chokumba, amfumu akuyang'anira, ndipo alendo ochokera m'mayiko ena ankabwera kudzaphunzira. Amayi anga ankasimba mmene ankapitira ndi khasu m'mawa, mwana kumsana, n'kubwerako dzuwa lili pamutu.

Koma khasu silipanga paipi. Mapaipi, simenti ya matanki, akatswiri oyeza malo ndi anyamata oyendera mizere pa njinga, zonsezi zinkalipiridwa ndi boma ndi mayiko othandiza, ndiye kuti ndi misonkho, yathu ndi ya anthu akunja. Ndalama zokonzera zitachepa m'zaka zotsatira, mipopi yambiri inauma, ngakhale anthu ake anali omwewo, mtima wawo womwewo. Lero mizere yambiri ili m'manja mwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi amene amatolera ndalama pamwezi. Ndalamazo zimatha kugula tepi ndi kulumikiza paipi yophulika, koma madzi osefukira akakokolola pogwirira madzi kuphiri, sizikwanira ngakhale pang'ono. Thukuta la mudzi ndi thumba la boma zinkayendera limodzi. Chimodzi chitafooka, chinacho sichinathe kusenza chokha.

N'chifukwa chiyani anthu akuno amaipidwa akangomva mawu oti msonkho?

Chifukwa msonkho unafika kuno ndi moto. M'zaka za m'ma 1890, pa ulamuliro wa Harry Johnston, atsamunda anakhazikitsa msonkho wa nyumba. Cholinga chake sichinali kumangira anthu zipatala. Chinali kupeza ndalama zoyendetsera boma lawo, komanso kukankhira amuna kukagwira ntchito m'minda ya azungu, popeza ndalama ya msonkho kunalibe kwina koipeza. Wolephera kulipira ankamuotchera nyumba, kapena kumugwirira mkazi mpaka atalipira. Ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu msonkhowu unalukana ndi thangata. Munthu wokhala pamalo a esiteti ankagwira mwezi wina wa lendi, wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika mmene kapitawo wafunira. Alhomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi anafikira m'goli limeneli. Mawu oti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana, anasanduka dzina la ukapolo. John Chilembwe atauka mu 1915, thangata ndi msonkho zinali pakati pa madandaulo ake. Mu 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe pa nkhani ya malo ndipo anthu anaphedwa. Thangata anatha mwalamulo mu 1962.

Titalandira ufulu, msonkho wa pamutu unapitirira. Akuluakulu amakumbukira amuna akugona kutchire akamva kuti amesenjala ali m'mudzi. Pamwamba pake panabwera khadi la chipani, limene pakamwa ankati n'logula mwakufuna, koma ayufi ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, wopanda khadi osadutsa. Ndimakumbutsa dala za khadili chifukwa likutiphunzitsa chinthu: chopereka chotchedwa chaufulu chimatha kukhala chankhanza kuposa msonkho, popeza chilibe lamulo lonena kuti malire ake ndi apa, ndiponso palibe kokadandaula.

Ndiye munthu wachikulire akamanyansidwa ndi msonkho, musamuone ngati wosazindikira. Akukumbukira. Chimene chinasintha n'chakuti lero amene amakhazikitsa msonkho timawasankha tokha, ndipo tikhoza kuwachotsa, monga tachitira kangapo kuyambira 1994. Atsamunda ankatenga osabweza kanthu. Boma losankhidwa likatenga lili ndi ngongole kwa ife.

Misonkho yathu imabedwa. Ndiperekerenji ndalama zokanenepetsa akuba?

Apa sindikutsutsani. Mu 2013 dziko lonse linaona Cashgate: mabiliyoni a kwacha anatuluka ku Capital Hill kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ndalama zikupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za antchito a boma a malipiro ochepa. Mayiko amene ankathandiza bajeti yathu mwachindunji anaimitsa thandizolo, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala. Ena anamangidwa n'kuweruzidwa, koma chikhulupiriro cha anthu sichinabwerere mwakale. Ine ndemwe ndinapitapo ndi mlongo wanga wodwala pachipatala china chaching'ono, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha tikagule, ndipo mankhwala omwewo tinakawapeza pa okala ina chapafupi. Tsiku limenelo ndikanakumana ndi munthu wonena kuti msonkho uthe, ndikanamuvomera.

Koma nditakhala pansi ndinadzifunsa: msonkho ukatha, mankhwala aulere adzabwerera? Ayi. Chidzatsala ndi okala ija yokha. Wakuba adzakhala ataluza pobera, koma mlongo wanga adzakhala ataluza chipatala. Khoswe akalowa m'nkhokwe sititentha nkhokwe.

Ndiponso tisadzinamize kuti ndalama zopereka mwakufuna sizibedwa. Ndi angati a ife amene tinaumba njerwa za chitukuko n'kuziona zikumanga nyumba ya munthu? Ndi mabanki am'khonde angati amene anatha chifukwa msungichuma anathawa ndi bokosi mwezi wogawana? Ndi makomiti angati a tchalitchi amene anagawanika chifukwa cha ndalama za pepala? Kuba kumatsata ndalama kulikonse kumene anthu sakuyang'ana. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama za boma zili ndi malamulo ozilondera. Kuli mkulu wofufuza mabuku a boma amene amapereka malipoti ku Nyumba ya Malamulo, kuli bungwe la ACB lothana ndi katangale, ndipo kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito. Zida zimenezi n'zobuntha nthawi zina, koma zilipo, ndipo zimanoleka anthu akamazigwiritsa ntchito. Munthu wopereka mwaufulu akasiya kupereka, simungamutengere kulikonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu aja timanena tokha, oti za boma zilibe mwini. Mawu amenewa ndi amene amatsegulira akuba chitseko. Mwini alipo, ndi mayi uja wadula tikiti ya msika m'mawa.

Zipatala za mishoni zimalipiritsa ndipo anthu amaziyamikira. Kodi umenewu si umboni woti kulipira n'kwabwino?

Zipatala monga Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa ndi Holy Family ku Phalombe zathandiza anthu kwa zaka zambirimbiri, ndipo zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Koma ambiri sadziwa kuti malipiro a anamwino ndi madokotala ambiri a m'zipatala zimenezi amachokera ku boma. Ndalama imene mumalipira pawindo ndi gawo chabe la mtengo weniweni. Mukanati mulipire zonse, ndi ochepa akanalowa pachipata.

Chinanso, boma linaona kuti ngakhale kangachepe kaja kankabweza amayi oyembekezera. Mayi amene kwawo kuli pafupi ndi chipatala cha mishoni koma kutali ndi cha boma ankasankha kuchilira kunyumba kapena kwa azamba. N'chifukwa chake kuyambira cha m'ma 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma anayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM, kuti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa osalipira, bilu izipita ku boma. Kumene mapanganowa akuyenda, amayi opita kusikelo ndi ochilira kuchipatala anachuluka. Kumene boma lachedwa kulipira ndipo chipatala chabwezeretsa mitengo, amayi amayambanso kutsalira kunyumba.

Ndinaperekezapo mlamu wanga usiku, matenda atayamba mwadzidzidzi. Tili panjira apongozi ankangofunsa chinthu chimodzi: "Kodi kumeneko sakatiuza za ndalama?" M'thumba munali ya njinga yokha. Banja likayamba kuwerenga ndalama mayi ali m'matenda, nthawi imatayika, ndipo pa uchembere nthawi ndi moyo.

Ana anga ali pasukulu yolipira, ndikadwala ndimapita kuchipatala cholipira. Ndilipirirenji zimene sindigwiritsa ntchito?

Achimwene, mumazigwiritsa ntchito. Namwino wa kuchipatala chanu cholipiracho anayambira pasukulu ya pulayimale ya boma. Msewu wa Midima umene mumadutsa popita ku Limbe simunaumange nokha. Wakuba akathyola sitolo yanu mumathamangira kupolisi. Ndipo matenda safunsa kuti mumalipira kuti. Kolera imene inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inaletsedwa ndi klorini, katemera, misasa ya odwala ndi alangizi a zaumoyo oyenda khomo ndi khomo, zonse zaulere kwa wolandira. Mwana wa mnansi wanu akabayidwa katemera wa chikuku, wanunso watetezeka. Wantchito amene amakuphikirani amamwa madzi a pamjigo.

Komanso moyo umatembenuka. Ndaona anthu amene anali ndi magalimoto akugona pabenchi ya chipatala cha boma, bizinesi itagwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Maphunziro aulere anatipindulira chiyani, poti ana akuphunzirabe pansi pa mtengo?

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana oposa miliyoni amenewo sanagwe kumwamba. Anali m'midzi momwemu, akuweta mbuzi, akulera ana anzawo, ena akuthyola tiyi, chifukwa makolo analibe fizi, imene kwa wolandira malipiro inkaoneka yochepa. Palibe umboni woposa umenewu wosonyeza chimene kulipiritsa kumachita kwa osauka.

Mavuto anabweradi. Zipinda sizinakwane, boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri osaphunzitsidwa mokwanira, ndipo mpaka lero kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa zana si yachilendo kuno. Koma vuto limeneli ndi la kuchepa kwa ndalama zopita kusukulu, osati la kuchuluka kwa ana. Ndipo taonani chinachitika pofuna kutseka mpatawo: makomiti anayamba kutolera ndalama za chitukuko, za mlonda, za mayeso. Pamsonkhano zinkatchedwa zopereka zogwirizana, koma mwana wosapereka ankabwezedwa kapena kumanidwa lipoti. Ana obwezedwawo ndi omwe aja a 1994, a makolo osauka. Fizi inatulukira pakhomo n'kulowera pawindo.

Sindikunena kuti makolo asaumbe njerwa kapena kuphika phala. Zimenezo zimamanga sukulu ndiponso zimapatsa makolo mphamvu yofunsa. Ndikukana zoti mwana abwezedwe chifukwa cha ndalama imene bambo ake alibe.

Bwanji osasiyira mabungwe othandiza ndi maesiteti? Iwo ndi amene amachita zooneka.

Tiyenera kuthokoza pamene pakuyenera. Ku Thyolo, bungwe la madokotala lakunja la MSF linagwira ntchito yaikulu pa Edzi kuyambira 1997, ndipo mu 2003 linayamba kupereka ma ARV, nthawi imene maliro ankachitika tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri ali moyo lero chifukwa cha ntchito imeneyo. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a m'bungwe la Sukambizi agwiritsa ntchito ndalama zoonjezera zimene amalandira pogulitsa tiyi kudzera mu Fairtrade pa zitukuko monga milatho, zipinda zophunzirira ndi madzi. Maesiteti ali ndi zipatala zazing'ono za antchito awo. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, miyala ndi matope zitatsika m'phiri, anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa m'chigawo chino, mipingo, achinyamata ndi Amalawi okhala kunja anasonkha ufa, zofunda ndi ndowa boma lisanafike m'malo ena. Amene anagona m'misasa ya m'masukulu sadzaiwala.

Koma mlendo ndi mame. MSF inafika nthawi yopereka ntchito ija m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, ndipo zinatheka chifukwa undunawo unalipo, ndi zipatala ndi antchito olipidwa ndi boma. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lodzera ku USAID, ntchito zina zaumoyo zinaima sabata yomweyo, antchito anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo palibe Mmalawi amene anafunsidwa maganizo. Wopereka mwaufulu amasankha yekha chopereka, malo ndi tsiku losiya. Pa Freddy zofunda zinabwera zambiri m'milungu yoyamba, makamera ali pomwepo. Milatho yokokoloka ndi misewu yodukaduka sizimangidwa ndi zopereka za m'mbale. Zimafuna mabiliyoni, ndipo zimatenga zaka, anthu achifundo atatembenukira kale ku tsoka lina.

Dziwaninso kuti thandizo lambiri lakunja ndi msonkho wa anthu a kumeneko. Ngakhale ma ARV amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004 amagulidwa kwambiri ndi ndalama za Global Fund, zimene gawo lake lalikulu limachokera ku maboma. Funso lenileni ndi lakuti tidzadalira msonkho wa eni mpaka liti. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti pa zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri sitifikapo.

Kodi palibe zinthu zimene wogwiritsa ntchito ayenera kulipira yekha?

Zilipo. Magetsi a m'nyumba, mpopi wa pakhomo pako, pasipoti, laisensi ya galimoto, wodi yapadera kuchipatala kwa amene akufuna chipinda chake. Ku Bondo anthu amagula mayunitsi a magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, ndipo palibe cholakwika, ngakhale makina ake anagulidwa ndi thandizo. Mlendo wokwera ku Sapitwa alipire, ndalamayo isamalire nkhalango ndi mikungudza imene yatsala pang'ono kutha. Zipata zolipiritsa pamsewu wa M1, monga cha pa Chingeni chimene chinatsegulidwa mu 2021, n'zomveka ngati ndalamazo zikuoneka pamsewupo. Muyeso wanga ndi uwu: munthu akalephera kulipira, chimachitika n'chiyani? Ngati agona mumdima ndi nyali, alipire akapeza. Ngati amwalira, kapena mwana wake akula osadziwa kuwerenga, kapena matenda ake afalikira mudzi wonse, chinthucho chisakhale ndi mtengo pakhomo.

Timadula tikiti pamsika tsiku lililonse koma zimbudzi n'zodzaza, zinyalala sizichotsedwa. Tikanyanyala talakwa?

Ine sindingakuuzeni kuti mwalakwa. Ndalama ya pamsika ndi ya khonsolo, ndipo kuyambira pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 makhonsolo anapatsidwa mphamvu yotolera ndalama zawo kuti azitumikira anthu pafupi. Msonkho umenewu ndi wosavuta kuulondola kuposa wina uliwonse, chifukwa wopereka ndi chimbudzi chodzazacho zili malo amodzi. Amalonda akagwirizana n'kuuza khonsolo poyera kuti sitidula tikiti mpaka mutakonza, akukumbutsa boma za ngongole yake. Zimenezi n'zosiyana ndi munthu amene amapatsa wotolera theka la ndalama kuti asamulembere tikiti. Woyambayo akufuna msika wabwino. Wachiwiriyo akudya nawo.

Mukanyanyala, lembani madandaulo, komiti ya msika isaine, mupereke kwa khansala ndi kwa bwana DC, ndipo mufunse kuti msika wanu umatolera zingati pamwezi.

Kodi msonkho wathu ndi wachilungamo?

Osati mokwanira. VAT sasankha: wothyola tiyi ndi mwini kampani amalipira yofanana pa thumba la simenti, koma kwa wothyola tiyiyo ndi gawo lalikulu la malipiro ake. N'chifukwa chake zinthu zofunika kwambiri pamoyo ziyenera kumakhala zopanda VAT, ndipo malire a malipiro osadulidwa PAYE, amene mu 2020 anakwezedwa kufika K100,000 pamwezi, ayenera kumakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu. Munthu wakumudzi amalipira katatu: m'sitolo, m'zopereka za komiti, ndi thukuta lake pa chitukuko. Pamene ena a mabizinesi akuluakulu amakhululukidwa misonkho kapena kuzemba pachipata cha Muloza. Kuno kumene minda yabwino ili pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda ndipo mabanja akulima timagawo tosakwana ekala, nkhani yoti wamkulu asenze katundu wamkulu si yongokambirana m'kalasi. Koma zonsezi ndi zifukwa zokonzera msonkho, osati zouthetsera.

Munthu wamba ngati ine ndingachitepo chiyani?

Yambani ndi lisiti. Mukagula m'sitolo yaikulu funsani lisiti la makina a MRA, chifukwa popanda ilo VAT imene mwalipira ikhoza kutsalira m'thumba la wogulitsa. Pitani kumisonkhano ya makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), kumene zitukuko za dera zimasankhidwa, ndipo musangokhala kumbuyo. Funsani ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) za chaka chino zagwira ntchito yanji, kontalakita ndi ndani, mtengo wake ndi zingati. Pasukulu funsani kuti ndalama zimene boma limatumiza zokonzera sukulu zalembedwa pabolodi kapena ayi. Pachipatala pali komiti ya anthu a m'dera imene imayenera kuona mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto. Dziwani amene ali m'komitiyo. Mukapita nokha adzakuuzani kuti bwana kulibe. Pitani anthu khumi, amfumu ali patsogolo.

Nanga mjigo uja unatha bwanji?

Tinaukonza mu Epulo, chimanga chitayamba kucha. Mphunzitsi wina wopuma anatibwereka ndalama ya ndodo, tinamubwezera mu Juni. Pambuyo pake tinasintha kaperekedwe: m'malo motolera mwezi ndi mwezi, khomo lililonse limapereka za chaka chonse nthawi yokolola, ndalama kapena chimanga, ndipo amfumu anagamula kuti okalamba okhala okha ndi mabanja a ana amasiye asamapereke. Msungichuma amawerenga kope pagulu kawiri pachaka, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigowo. Zinthu zing'onozing'ono tikutha kukonza tokha tsopano. Koma makaniki anatichenjeza kuti mapaipi a pansi atha, ndipo chilimwe chilichonse madzi akumatuluka mochedwa, amayi akupopa nthawi yaitali ndowa isanadzaze. Kukumba mjigo wina ndi ndalama za mamiliyoni. Kalata yathu yopempha inadutsa ku VDC ndi ku ADC, ndipo ili ku khonsolo. Mwezi wamawa tikupitanso kukafunsa, amfumu, amayi anayi a m'komiti ndi ine.